KUSALA NYAMA PAMASO PA LAMULO: MILANDU IŴIRI YA KU NORWICH

Pa 3 Januwale 2020, bwalo loweruza milandu ya apantchito mumzinda wa Norwich, kum'maŵa kwa dziko la England, lidagamula kuti munthu amene amasala nyama ndi zonse zochokera ku zinyama chifukwa cha chikumbumtima chake ali ndi chikhulupiriro choyenera kutetezedwa ndi lamulo, monga momwe lamulolo limatetezera Mkhristu, Msilamu kapena Mhindu. Chodabwitsa nchakuti pafupifupi miyezi inayi m'mbuyo mwake, bwalo lomwelo, pamaso pa woweruza yemweyo, Robin Postle, lidakana kuteteza mnyamata wina amene nayenso sankadya nyama. Omvera ambiri angafunse kuti, anthu aŵiri onse osadya nyama, bwanji wina lamulo lidamufungatira pamene mnzake lidamubweza chimanjamanja? Yankho la funso limeneli likuonetsa m'mene mabwalo a milandu amasiyanitsira chikhulupiriro ndi chizoloŵezi chabe, ndipo pa kusiyanitsa kumeneku pamagona ntchito ya munthu, malipiro ake ndi ulemu wake.

Magulu aŵiri a osala nyama

Poyamba nkoyenera kusiyanitsa magulu aŵiri, pakuti milandu yonse iŵiri idatsamira pa kusiyana kwawo. Gulu loyamba ndi la anthu amene pa Chingerezi amatchedwa ma vegetarian. Iwoŵa sadya nyama, nkhuku ngakhale nsomba, koma ambiri mwa iwo amamwa mkaka, amadya mazira, ndipo uchi saukana. Bungwe lawo, la Vegetarian Society, lidakhazikitsidwa m'tauni ya Ramsgate m'chaka cha 1847.

Gulu lachiŵiri ndi la ma vegan. Bungwe la ameneŵa, la Vegan Society, lidayamba mu Novembala 1944, pamene Donald Watson ndi anzake oŵerengeka adaona kuti kusala nyama kokha sikukwanira. Dzina lawo adalipanga potenga zilembo zitatu zoyamba ndi ziŵiri zomaliza za liwu lija la vegetarian. Iwo amati mkaka ndi mazira nazonso zimabwera ndi mazunzo, popeza ng'ombe ya mkaka imalandidwa mwana wake kuti anthu akame, ndipo m'mafamu aakulu a nkhuku za mazira anapiye aamuna amaphedwa atangoswedwa. Motero sadya mkaka, mazira kapena uchi. Pakati pawo palinso kusiyana. Ena amangosamala za m'mbale, kaŵirikaŵiri pofuna thanzi. Ena amapitirira pamenepo: savala chikopa, ubweya wa nkhosa kapena silika, sagula sopo kapena mafuta odzola amene adayesedwa pa zinyama, ndipo sapita kumalo kumene zinyama zimasungidwa m'makola kuti anthu azikaziona. Otsirizaŵa ndiwo amene bwalo la ku Norwich lidaŵateteza.

Zimene lamulo limanena

Lamulo lenilenilo ndi la Equality Act la m'chaka cha 2010, limene limagwira ntchito ku England, Scotland ndi Wales. Limatchula zinthu zisanu ndi zinayi zimene munthu sayenera kuchitiridwa nazo tsankho. Zina mwa izo ndi msinkhu, ulumali, mtundu, kukhala mwamuna kapena mkazi, ukwati, uchembere, ndiponso chipembedzo kapena chikhulupiriro. Ndime 10 ya lamuloli imafotokoza kuti chikhulupiriro chingakhale cha chipembedzo kapena chochokera m'kulingalira kozama kwa munthu pa za moyo, ndipo ngakhale kusakhulupirira kumene nako nkotetezedwa. Choncho munthu sasoŵa kukhala ndi tchalitchi, mzikiti kapena buku lopatulika kuti lamulo limumvere.

Koma Nyumba ya Malamulo ya ku Britain sidalembe mndandanda wa zikhulupiriro zovomerezeka. Ntchito imeneyo idaisiya m'manja mwa oweruza. Apa mpamene pali vuto, chifukwa munthu aliyense ali ndi zimene amakonda ndi zimene amadana nazo, ndipo chilichonse chikadatchedwa chikhulupiriro, bwenzi wokonda timu ya mpira akusumira bwana wake chifukwa chomuseka timuyo itagonja.

Miyeso isanu

Njira yosefera idapezeka m'chaka cha 2009 pa mlandu wa kampani ya nyumba yotchedwa Grainger. Mkulu wina wa pakampanipo, amene adachotsedwa ntchito, adadandaula kuti adachotsedwa chifukwa chokhulupirira kuti anthu akuwononga nyengo ya dziko lapansi ndi kuti aliyense ali ndi udindo wosintha makhalidwe ake. Bwalo la apilo la milandu ya apantchito, kudzera mwa woweruza Burton, lidavomera kuti chikhulupiriro chotere chingathe kutetezedwa, ndipo lidaika miyeso isanu imene mabwalo akhala akuitsata kuchokera nthaŵi imeneyo.

Muyeso woyamba ngwakuti munthuyo azikhulupiriradi zimene akunenazo, osati kungozitola tsiku la mlandu. Wachiŵiri ngwakuti chikhale chikhulupiriro, osati maganizo ongodalira zimene zikudziŵika lero. Munthu amene wasiya nyama chifukwa dokotala wamuchenjeza za mtima wake angayambenso kuidya maŵa dokotalayo atasintha mawu. Ameneyo ali ndi maganizo chabe. Wachitatu ngwakuti chikhulupirirocho chikhudze mbali yaikulu ndi yolemera ya moyo wa munthu ndi makhalidwe ake. Wachinayi ngwakuti chikhale chomveka, chozama, chogwirizana chokhachokha, ndi chofunika. Wachisanu ngwakuti chikhale choyenera ulemu m'dziko la ufulu, chosanyoza umunthu, ndi chosapondereza ufulu wa ena. Pa muyeso wotsirizawu, bwalo la apilo lidaonjeza m'chaka cha 2021 kuti khomo lake ndi lotakata: zikhulupiriro zimene zimakanidwa ndi zokhazo zofanana ndi za chipani cha Nazi, zofuna kufafaniza ufulu wa anthu ena. Chikhulupiriro chongokhumudwitsa ena sichitaya chitetezo pa chifukwa chimenecho.

Mlandu wa mnyamata wa kuhotela

Mnyamata wa mlandu woyamba uja ankaperekera zakudya ndi zakumwa pa hotela ina kum'maŵa kwa England. Adagwirapo ntchito miyezi yoŵerengeka yokha m'chaka cha 2018, nasiya atadzudzulidwa chifukwa chobwera ndi malaya osasita. Iye adadandaula kuti anzake apantchito ankamunyoza chifukwa chosadya nyama. Nkofunika kudziŵa chifukwa chake adasuma mlandu wa tsankho. Panthaŵiyo munthu ankayenera kukhala atagwira ntchito zaka ziŵiri kuti asumire bwana wake za kuchotsedwa mopanda chilungamo, pamene mlandu wa tsankho munthu angausume ngakhale atagwira ntchito tsiku limodzi, ndipo chipukutamisozi chake chilibe malire oikidwa ndi lamulo. Kwa mnyamatayu, tsono, khomo lidali limodzi lokha, ndipo kiyi wake adali mawu akuti chikhulupiriro.

Mu Seputembala 2019 bwalo lidavomera kuti mnyamatayu sankanama, ndi kuti kusadya nyama nkoyenera ulemu. Koma mlandu wake udakodwa makamaka pa muyeso wachitatu ndi wachinayi. Bwalo lidati kusadya nyama ndi kakhalidwe kamene munthu amangodzisankhira, ndipo anthu osadya nyama ali ndi zifukwa zosiyanasiyana: wina thanzi, wina kuipidwa ndi kaŵetedwe ka ziŵeto, wina kungoti nyama simukomera m'kamwa. Popeza zifukwa nzobalalika chotere, bwalo lidati palibe chikhulupiriro chimodzi chogwirizana chimene lingachiteteze. Lidanenanso, mongodutsa, kuti ma vegan ndi osiyana, pakuti zifukwa zawo zimaoneka zofanana.

Akatswiri ambiri a malamulo adatsutsa chigamulo chimenechi. Iwo adati Akhristu nawonso amapita kutchalitchi pa zifukwa zosiyanasiyana, koma palibe bwalo limene lingakane kuteteza Mkhristu mmodzi chifukwa chakuti mnzake amangopitako kukacheza. Bwalo, iwo adatero, liyenera kuyesa chikhulupiriro cha munthu amene waimirira pamaso pake, osati cha khamu lonse la anthu odya mofanana naye.

Mlandu wa Casamitjana

Mlandu wachiŵiri udali wa Jordi Casamitjana, katswiri wa maphunziro a zinyama wochokera ku Catalonia m'dziko la Spain, amene adakhazikika ku Britain. Iye ankagwira ntchito ku bungwe la League Against Cruel Sports, limene limalimbana ndi maseŵera ozunza zinyama monga kusaka nkhandwe ndi agalu. Ali kumeneko adatulukira kuti ndalama za penshoni za antchito zikuikidwa m'makampani ena amene amayesa katundu wawo pa zinyama. Adauza akuluakulu ake, kenaka adalembera anzake apantchito kuŵadziŵitsa za nkhaniyi. Mu Epulo 2018 adachotsedwa ntchito. Bungwelo lidati adachotsedwa chifukwa cha kusamvera malangizo. Iye adati adachotsedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake.

Bwalo lisanamve ngati adalakwiridwa kapena ayi, lidayenera kuyamba layankha funso lija: kodi ichi ndi chikhulupiriro? Bungwe limene adalisumira silidatsutse mfundo imeneyi, komabe woweruza adafuna kudzikhutiritsa yekha, ndipo adaŵerenga umboni wa masamba oposa 1,000. Umboniwo udaonetsa munthu amene moyo wake wonse udamangidwa pa mfundo imodzi, yakuti asavulaze chamoyo chilichonse chotha kumva kuŵaŵa. Mfundoyi ndi yakale kwambiri ku India, kumene imatchedwa ahimsa, ndipo ndi mzati wa chipembedzo cha Chijaini, Chihindu ndi Chibuda.

Casamitjana sankavala chikopa, ubweya kapena silika, ndipo sankalola chakudya chochokera ku zinyama kuloŵa m'nyumba mwake. Nkhuyu sankadya, popeza mitundu ina ya nkhuyu imabereka mothandizidwa ndi timavu ting'onoting'ono timene timaloŵa m'chipatsomo, ndipo munthu sangatsimikize kuti mulibe kachilombo m'kati. Ulendo wosapitirira ola limodzi ankauyenda pansi m'malo mokwera basi, poopa kuti basiyo ingagunde tizilombo kapena mbalame. Pogula zinthu ankapeŵa ndalama zatsopano za pulasitiki, zimene Bank of England idavomera m'chaka cha 2016 kuti zili ndi timafuta pang'ono tochokera ku zinyama. Omvera ena angaseke pomva zimenezi, koma kwa woweruza zidali umboni wakuti munthuyu sakungosankha ndiwo. Zimene amanena ndi zimene amachita zidali chimodzi, kuyambira m'maŵa mpaka usiku, kwa zaka zambiri. Miyeso isanu yonse idakwanira.

Mlandu weniweni wa kuchotsedwa ntchito sudafike pa chigamulo. Mu Malichi 2020 mbali ziŵirizo zidagwirizana, ndipo bungwe lija lidavomera kuti Casamitjana sadalakwe poulula nkhaŵa zake za ndalama za penshoni.

Chitetezocho nchotani?

Chikhulupiriro chikavomerezedwa, lamulo limatchinjiriza mwini wake pantchito m'njira zinayi. Yoyamba ndi tsankho loonekeratu, monga kukana kulemba munthu ntchito kapena kumukweza chifukwa ndi vegan. Yachiŵiri ndi tsankho lobisika, pamene lamulo la pantchito likukhudza onse mofanana koma likupweteka gulu limodzi, monga kulamula kuti aliyense avale nsapato za chikopa pamene nsapato zina zolimba chimodzimodzi zilipo. Yachitatu ndi kuzunza, monga nthabwala zosatha kapena kuika fupa m'mbale ya mnzako mwadala. Yachinayi ndi kubwezera munthu choipa chifukwa adadandaula. Kunja kwa ntchito, masukulu, zipatala ndi masitolo nawonso saloledwa kuchitira munthu tsankho chifukwa cha chikhulupiriro chake.

Komabe chitetezo chimenechi chili ndi malire. Pa tsankho lobisika, bwana angadziteteze poonetsa kuti lamulo lakelo lili ndi cholinga choyenera ndi kuti njira yofikira cholingacho siipitirira muyeso. Mwini lesitilanti yophika nyama angafune kuti wophika wake azigwira nyamayo, pakuti imeneyo ndiyo ntchito imene adamulembera. Ndiponso, makolo amati mlandu suola, koma m'mabwalo aŵa mlandu uli ndi nyengo yake: wozengereza kusuma, miyezi yoikika ikatha, kaŵirikaŵiri amapeza khomo lotseka.

Chinanso chofunika nchakuti zigamulo ziŵiri za ku Norwich ndi za bwalo laling'ono, ndipo sizimanga mabwalo ena. Sizikutanthauza kuti vegan aliyense ngwotetezedwa, kapena kuti vegetarian aliyense ngwotayidwa. Mhindu, Mjaini kapena Mbuda amene sadya nyama potsata chipembedzo chake amaloŵera khomo la chipembedzo. Amene amavutika ndi uja wosala nyama popanda chipembedzo, pakuti ayenera kuonetsa yekha kuzama kwa zimene amakhulupirira.

Milandu ina ya pambuyo pake idaonetsa malire ameneŵa. M'chaka cha 2022 bwalo lina lidamva mlandu wa namwino wa ziŵeto amene adachotsedwa ntchito apolisi atapeza nkhukundembo m'nyumba mwake pofufuza za anthu oba ziŵeto m'mafamu ncholinga chozipulumutsa. Iye adati chikhulupiriro chake chimamukakamiza kuloŵa pamalo a eni ake ndi kuchotsamo zinyama zozunzika. Bwalo lidati mbali imeneyo, yolimbikitsa kuswa lamulo ndi kulanda katundu wa ena, siingatetezedwe. M'chaka cha 2023 mayi wina wogwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, amene adakana katemera wa Covid-19 ponena kuti ndi vegan, adagonja chifukwa sadathe kuonetsa bwalo kuti moyo wake udamangidwadi pa chikhulupirirocho kupitirira pa zakudya ndi zinthu zina zoŵerengeka.

M'ndende za ku Ulaya

Nkhani imeneyi sidayambire ku Norwich. Pangano la maiko a ku Ulaya la ufulu wa anthu, limene lidasainidwa m'chaka cha 1950, limateteza pa ndime 9 ufulu wa maganizo, chikumbumtima ndi chipembedzo. M'chaka cha 1993 nthumwi zoona za panganoli ku Strasbourg zidamva dandaulo la mkaidi wina wa ku Britain, vegan, amene adakana kugwira ntchito m'nyumba yosindikizira ya m'ndende poganiza kuti utoto wake udayesedwa pa zinyama. Nthumwizo zidavomera kuti chikhulupiriro chake chili m'kati mwa ndime 9, koma zidati akuluakulu a ndende adali ndi chifukwa chokwanira chosungira dongosolo logaŵira akaidi ntchito. Munthuyo adapambana pa mfundo, nagonja pa mlandu.

Mu Disembala 2010 zidatembenuka. Bwalo la ku Strasbourg lidapeza dziko la Poland lolakwa chifukwa chomana mkaidi wina wachipembedzo cha Chibuda chakudya chopanda nyama. Bwalo lidati kuphika mbale yopanda nyama sikufuna zipangizo zapadera kapena ndalama zochuluka, choncho ndendeyo idalibe poŵiringulira. Dziko la Portugal lidasankha njira ina yosadikira milandu: m'chaka cha 2017 lidakhazikitsa lamulo lakuti malo odyera a boma, monga a m'masukulu, m'zipatala ndi m'ndende, azikhala ndi chakudya chimodzi chopanda chilichonse chochokera ku zinyama.

Zikukhudza bwanji omvera?

Kuno ku Malaŵi munthu wokana nyama atapatsidwa amadabwitsa anthu, pakuti m'mabanja ambiri nyama ndi ndiwo ya pa Khirisimasi ndi ya alendo. Wodya nkhwani ndi bonongwe sabata yathunthu chifukwa m'thumba mwauma sakusala nyama, akungoisoŵa. Komabe kusala chakudya chifukwa cha chikhulupiriro si chachilendo. Asilamu sadya nkhumba, a mpingo wa Seventh-day Adventist nawonso saidya ndipo ena mwa iwo sadya nyama konse, ndipo ambiri a chipembedzo cha Rastafari amadya zomera zokhazokha. Malamulo oyendetsera dziko lino a m'chaka cha 1994 amateteza pa gawo 33 ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, lidagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe kuloŵa m'masukulu a boma chifukwa cha tsitsi lawo. Nkhaniyo idali ya tsitsi, osati ya mbale, koma funso lake ndi lomwe lija la ku Norwich ndi ku Strasbourg: kodi lamulo la sukulu, la ndende kapena la pantchito liyenera kupatuka mpaka pati kuti munthu asakakamizidwe kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake?

Palinso Amalaŵi ambiri amene akugwira ntchito ku Britain m'zipatala, m'makhitchini ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Lamulo la 2010 likuŵateteza iwo pa chipembedzo chawo, ndipo likuŵamanganso kuti alemekeze cha anzawo. Nthabwala yonyoza mbale ya mnzako, imene kumudzi ingathere m'kuseka, kumeneko ingathe kuthera pa kalata yochotsedwa ntchito. Wodwala wokana mkaka kapena mazira sakuchita matama. Mwina akusunga chinthu chimene kwa iye ncholemera monga pemphero.

Phunziro la milandu imeneyi ndi lakuti bwalo silifunsa ngati chikhulupiriro cha munthu ncholondola. Woweruza wa ku Norwich sadagamule kuti kudya nyama ndi tchimo, ndipo sadauze aliyense kuti asiye mkaka. Adangofunsa ngati munthu woimirira pamaso pakeyo amakhulupiriradi zimene akunena, ngati zimenezo zikuwongolera moyo wake wonse, ndiponso ngati sizikulanda ufulu wa mnansi wake. Mafunso atatuŵa akayankhidwa bwino, munthuyo ayenera kusiyidwa kuti agwire ntchito yake mwamtendere, ngakhale anzake onse a patebulo atakhala kuti sakumumvetsa.